Andilembera X wofiira pa shopu, ena akuti ndi a magetsi ena akuti ndi a khonsolo. Angagwetse osandilipira?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina wa ku Kasungu, ndalifupikitsa pang'ono:

"Ndili ndi golosale kufupi ndi msika, kumbuyo kwake kuli tizipinda tiwiri ta lendi, kena muli saluni kena muli mnyamata wowotcherera. Malowa tinagula ndi malemu amuna anga ndipo kalata ya amfumu ilipo. Masabata apitawa kunabwera anthu ovala zijaketi zowala zija, anayezayeza ndi tepi nkulemba X wofiira pakhoma la khonde, osalankhula ndi munthu. Ena akuti ndi a magetsi akufuna kusintha mapolo ndi mawaya, ena akuti ndi a khonsolo akufuna kukonza pakati pa tauni. Tulo sindikupeza. Kodi angagwetse osandilipira? Nanga boma limawayang'anira anthu amenewa, kapena amangopanga zofuna zawo?"

Mayi, pepani ndi nkhawayi, koma mtima pansi kaye. Penti wa pakhoma si chigamulo. Ine ndagwira nthawi yaitali ntchito yoyeza malo odutsa mawaya komanso kulemba katundu wa anthu oti alandire chipukuta misozi, ndipo X ngati ameneyo timalemba pa zifukwa zambirimbiri. Nthawi zina amangosonyeza pomwe tepi inathera tsiku limenelo, nthawi zina ndi pomwe polo ingabwere, nthawi zina akutanthauzadi kuti khondelo lalowa m'malo osayenera. Nyumba zambiri zomwe ndinaziona zitalembedwa zilipobe mpaka lero chifukwa mzere unadzasunthidwa pa pulani. Komanso sindikunamizani kuti mungokhala phee ayi, chifukwa ino ndiye nthawi yomwe mawu anu angamveke. Likadzafika thirakitala kulankhula kumakhala kutatha.

Choyamba kudziwa nchakuti X ameneyo ndi wa ndani. Anthu timangoti "aboma abwera" koma pankhani ngati iyi boma si munthu mmodzi, ndipo yankho la funso lanu la malipiro limasintha malinga ndi yemwe analembayo.

Ngati ndi nkhani ya mawaya, mwini wake ndi ESCOM. Kuyambira 2017 ntchito yopanga magetsi inapita ku EGENCO, ESCOM nkutsala ndi yonyamula magetsiwo pa mawaya ndi kugawa kwa anthu, choncho mapolo, mathiransifoma ndi mamita ndi zawo. Pamwamba pa onsewa pali MERA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, ndilo limapereka malaisensi, kuvomereza mitengo ya magetsi ndi kumva madandaulo a makasitomala amene sanathandizidwe. Koma dziwani kuti anthu omwe munawaonawo mwina si a ESCOM enieni. Ntchito zambiri zoterezi zimapatsidwa kwa makontrakitala, iwonso amalemba anyamata aganyu, ndiye amene wanyamula chitini cha penti nthawi zambiri sadziwa kanthu, wangouzidwa kuti lemba apa. Kulimbana naye nkutaya nthawi.

Ngati ndi nkhani ya msewu, ndiye ina. Msewu waukulu ngati M1 umene umadutsa pakati pa Kasungu uli m'manja mwa Roads Authority, ndipo malo osungidwira msewu wotere ndi mamita 60, kutanthauza 30 mbali iyi 30 mbali inayo kuchokera pakati pa tala. Pitani pa tauni mukayeze ndi mapazi, muona nokha kuti makonde, mabenchi ndi zikwangwani zambiri zili mkati. Ndipo mapolo a magetsi amakonda kuyenda m'malo omwewo, nchifukwa chake nkhani ziwirizi zimasokonezana, msewu ukamakulitsidwa mapolo amasamutsidwa, mapolo akasamutsidwa amakagwera pa khonde la munthu.

Ngati ndi kukonza tauni, monga msika, depoti, ngalande kapena kusamutsa mavenda, mwini wake ndi Kasungu Municipal Council, osati khonsolo ya boma ya kwa DC ngakhale ziwirizi zimagwirira limodzi pa nkhani za malo. Khonsolo ndi imene imavomereza mapulani a zomanga pansi pa lamulo la Physical Planning la 2016, ndipo ikapeza kuti munthu anamanga popanda chilolezo imayenera kumpatsa notisi yolembedwa, yonena cholakwa ndi nthawi yoti akonze.

Ndiye mawa lomwe, valani bwino mupite ku ofesi ya khonsolo kwa anthu a mapulani, kenako ku ofesi ya ESCOM pa tauni pomwepo. Musapite manja okha. Lembani kakalata kachidule, m'Chichewa momwemu palibe vuto: dzina lanu, pomwe pali shopu, tsiku lomwe analemba X, ndi mafunso oti ntchitoyi ndi ya ndani, ikukhudza mbali iti ya malo anga, iyamba liti. Pangani fotokope, yanuyo akudindireni sitampu ya tsiku. Ambiri amachita manyazi kupempha sitampu, koma kapepala kodindidwako ndi kamene kadzakuyankhulireni kutsogoloku aliyense akadzayamba kunena kuti mayiwa sanabwerepo kuno. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe. Si onse amatsatira, komabe mukalitchula m'kalatamo nkhope zimasintha.

Tsopano za malipiro. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 28, amati munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa, ndipo gawo 44 limati boma lingatenge malo pokhapokha ngati ndi ntchito yothandiza anthu onse, munthuyo wadziwitsidwa mokwanira, walipidwa moyenera, komanso ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti. Pamenepo ndiye poyambira. Koma funso lomwe woyeza aliyense adzafunse ndi limodzi: chinayamba kufika pamalopo nchiyani, waya kapena nyumba?

Mzere uliwonse wa magetsi uli ndi kanjira kake pansi komwe sikaloledwa kumangapo kapena kubzala mitengo yaitali, pa ntchito timati wayleave. Kukula kwake kumatengera mphamvu ya mzerewo. Wa 132kV umafuna malo aakulu, wa 33kV kapena 11kV wa m'tauni wocheperapo, tiwaya tolowa m'nyumba ndiye pang'ono chabe. Afunseni akulembereni mamita ake a mzere umene ukukukhudzaniwo, musamvere za pa bawo. Ngati mzere ndi watsopano kapena akuusuntha kubwera pa malo anu, inu ndi amene mwapezedwa ndipo muyenera kulipidwa. Koma ngati mzere unalipo kale, khonde nkudzawonjezeredwa pambuyo pake mpaka kulowa pansi pa mawaya, pamenepo mlandu wanu ndi wofooka, ndikuuzeni zoona. Chimodzimodzi ndi malo a msewu. Ndipo ziphaso za bizinesi kapena malisiti a msonkho wa khonsolo, ngakhale mwalipira zaka zambiri, sizisandutsa malowo kukhala anu. Zimangothandiza kusonyeza kuti mwakhalapo nthawi yaitali komanso kuti bizinesi imayenda.

Kalata ya amfumu ija isungeni bwino, ndi umboni, koma m'kati mwa tauni siyikwanira payokha. Malire a tauni anakula nkumeza midzi, ndiye pali malo ena omwe anthu anagula kwa eni mudzi pomwe m'mabuku a ku Lands kapena a khonsolo analembedwa kale mwina. Fufuzani kuti puloti yanu ili ndi nambala kapena ayi, ndipo ngati malemu bambo anayambapo zopempha lizi, sakani mafomu ndi malisiti ake m'sutikesi. Poti bambo anatisiya, onetsetsaninso kuti mapepala a chuma cha masiye ali bwino, chifukwa ndaonapo ndalama za chipukuta misozi zikugona miyezi ku ofesi, kapena kutengedwa ndi achimwene a malemu amene anathamangira kukalembetsa dzina lawo tsiku la kalembera mayi ali ku maliro kwina. Zimenezi zimachitika kwambiri kuposa zogwetsa mwankhanza zomwe mukuopazo.

Chinthu china chofunsa nchakuti ndalama za ntchitoyo zachokera kuti. Zikumveka ngati sizikukukhudzani koma zikukukhudzani kwambiri. Ntchito zolipiridwa ndi mabungwe akunja monga World Bank zimabwera ndi malamulo awo owonjezera: pamayenera kukhala ndondomeko yolembedwa ya momwe anthu okhudzidwa athandizidwire, komiti yomva madandaulo, ndipo ngakhale munthu wopanda mapepala a malo amayenera kuthandizidwa pa zomwe anamanga ndi bizinesi yomwe yasokonekera. Umu ndi momwe zinayendera pa mzere waukulu wa 400kV wochokera ku Phombeya ku Balaka kufika ku Nkhoma, umene unamangidwa ngati mbali imodzi ya thandizo la America la madola 350.7 miliyoni pakati pa 2013 ndi 2018, anthu a m'njira anayamba alembedwa ndi kulipidwa. Pomwe ntchito ya ndalama za khonsolo yokha kapena yongokonza mzere wakale imatsata malamulo athu basi, ndipo amene analowa m'malo oletsedwa kawirikawiri amangopatsidwa nthawi yoti achotse yekha. Pa ntchito yaikulu iliyonse pamayenera kukhala chikwangwani cholemba mwini ntchito, kontrakitala, injiniya woyang'anira ndi komwe kwachokera ndalama. Chijambuleni pa foni.

Mwafunsa ngati boma limawayang'anira. Pa pepala, inde, ndipo maofesi ake ndi ambiri. Tenda imayenera kudutsa m'malamulo a PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu za boma, kontrakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, ntchito yaikulu iyambe yaunikidwa momwe ikhudzire anthu ndi chilengedwe nkuvomerezedwa ndi MEPA, bungwe loteteza chilengedwe, malinga ndi lamulo la 2017, ndipo pounikapo anthu a m'deralo amayenera kuitanidwa ku msonkhano. Pamalo pa ntchito pamakhala injiniya woimira mwini ntchito yemwe amasainira kuti apa zachitika bwino kontrakitala asanalipidwe. Vuto lomwe ine ndaliona si kusowa kwa malamulo. Maofesiwa ambiri ali ku Lilongwe, anthu ndi ochepa, galimoto imodzi mafuta palibe, ndiye amayang'anira mafayilo kuposa makonde a anthu. Komanso sakambirana mokwanira. Mupeza ngalande yamangidwa mwezi uno, mwezi wamawa ena akuiswa kuti adzike polo, kenako a madzi akubwera kudzakumba paipi pomwepo. Aliyense ali ndi chilolezo chake chovomerezeka bwinobwino koma palibe anakhala pansi ndi mnzake. Choncho woyang'anira amadzuka pokhapokha dandaulo lolembedwa likafika pa tebulo lake, makamaka likachokera kwa anthu ambiri. Yendani mzere wonsewo muone ena omwe alembedwa X, mupange kagulu, mutengane ndi khansala wa wodi yanu ndi wapampando wa komiti ya msika. Kalata ya masiginecha makumi awiri siyiponyedwa mu dirowa ngati ya munthu mmodzi.

Likafika tsiku loti akulembeni katundu, apa ndiye mukhale maso, tsekani shopu ngati nkotheka mukhalepo nokha. Amabwera owerengera mtengo a boma, nthawi zambiri ndi munthu wa kwa DC kapena wa khonsolo ndi amfumu. Yendani nawo khoma ndi khoma. Onani kuti alemba kuti njerwa ndi zowotcha osati zidina, pansi ndi pa simenti, malata ndi angati ndi a geji yanji, zitseko zachitsulo, mabaglabazi, chimbudzi cha kuseri, thanki, mpanda, ngakhale mtengo wa mango kapena papaya. Ine ndaonapo fomu italembedwa "khonde" basi, pomwe khondelo linali ndi mizati ya konkire, siling'i ndi mawaya a magetsi mkati, mwini wake anasaina osawerenga poti dzuwa linali litatentha ndipo anthu anali pa mzere. Mtengo utatuluka sunakwane ndi matumba a simenti omwe. Musasaine fomu yomwe ili ndi mipata yosalemba, musasaine zomwe simunamve, muwauze akuwerengereni m'Chichewa, ndipo jambulani tsamba lililonse. Akakuuzani kuti "sainani kaye zinazo tikonza ku ofesi" kanani mwaulemu. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.

Funsaninso za tsiku lotsekera kalembera. Chilichonse chomangidwa tsikulo litadutsa sichilipidwa, ndiye amene angakunong'onezeni kuti onjezerani kachipinda msangamsanga kuti ndalama zikwere akukuponyetsani simenti pachabe. Ndipo alendi anu awiri aja alembedwe paokha, mayina awo ndi mabizinesi awo, chifukwa inu mukutaya lendi iwo akutaya malo opezera chakudya, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kabuku kolemba malonda a tsiku ndi tsiku, ngakhale ka sukulu kokhala ndi mafuta ophikira pachikuto, kamathandiza kusonyeza zomwe mumapeza. Dongosolo lake ndi lakuti ndalama zibwere kaye, nthawi yosamuka iperekedwe, kugwetsa kudze pambuyo. Funsaninso ngati mungatenge malata, zitseko ndi njerwa zanu, kawirikawiri amalola. Vuto lina ndi kuchedwa: akawerengera chaka chino nkudzalipira patapita zaka ziwiri, ndi mmene kwacha ikugwera muja, mu November 2023 mokha inagwa ndi 44 peresenti, ndalamayo simanganso chomwe chagwetsedwa. Zikatero lembani kalata yopempha kuti awerengerenso.

Ndisanaiwale, chenjerani ndi atsizinamtole. Ntchito ngati izi zikangomveka pamatuluka anthu ovala ovolosi onena kuti mutipatse kenakake polo tiyisunthire kwa aneba, kapena tikulembeni pa mndandanda wa olandira. Woyeza alibe mphamvu yosuntha mzere payekha, zimenezo zimasinthidwa pa pulani ndi injiniya. Ndalama iliyonse yovomerezeka imalipiridwa ku ofesi kapena ku banki ndipo pamatuluka lisiti. Wina akakupemphani ya m'thumba, funsani chiphaso chake cha ntchito, lembani nambala ya galimoto, nkhaniyo ndi ya ACB kapena polisi.

Kumbali inayi, ngati ndi zoonadi kuti akusintha mawaya, inuyo ndi amene mupindule. Mizere yambiri ya m'matauni athu inamangidwa anthu ali ochepa, lero pa thiransifoma imodzi pali zigayo, owotcherera ngati mnyamata wanuyo, mafiliji a mabotolo sitolo, masaluni, ndiye madzulo magetsi amafooka, babu kumangoti psuu ngati kandulo, filiji kumalira osazizira. Mapolo amitengo nawo amadyedwa ndi chiswe pansi, mvula yoyamba ya mphepo nkugwa. Waya wokulirapo, mapolo abwino ndi thiransifoma yowonjezera zimachepetsa zimenezo. Koma musayembekezere kuti kuzimazima kutheratu ayi. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kutali ndi Kasungu, ndipo mukukumbukira mu January 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, pafupifupi mamegawati 130 anachoka nthawi imodzi dziko lonse nkulowa mumdima. Waya watsopano sapanga magetsi, amangonyamula omwe alipo.

Ntchito ikayamba, masiku ena azizimitsa tsiku lonse, ndiye musadzaze filiji ndi nkhuku ndi soseji musanamve ndondomeko yawo. Akazimitsa zulani mapulagi onse, ndipo akayatsa dikirani kaye muone babu limodzi. Mukaona mababu ena akuwala mopitirira pomwe ena akufooka, thamangani mukazimitse pa main switch, chimenecho ndi chizindikiro choti waya wa neutral sunalumikizidwe bwino ndipo mphamvu yoposa 230 volts ikulowa m'nyumba, imapsereza TV, filiji ndi madiraya a saluni m'kanthawi kochepa. Zikapsa musataye kapena kupititsa kwa okonza msanga. Jambulani, lembani tsiku ndi nthawi, kanenani ku ofesi tsiku lomwelo mutenge nambala ya dandaulo, ndipo wamagetsi wovomerezeka ndi MERA akulembereni lipoti. Aneba omwe zawapsera nawonso alembe. Ngati muli ndi jenereta, musaibaye pa soketi ya khoma popanda changeover, switch yolekanitsa jenereta ndi magetsi a ESCOM, imabweza magetsi ku mzere nkupha munthu yemwe ali pamwamba pa polo akuganiza kuti mzere ndi wozima. Ana asasewere m'maenje a mapolo, ndipo waya wogona pansi muziutenga ngati wamoyo nthawi zonse ngakhale anthu akuti azimitsa.

Nanga ndi liti pofunika thandizo loposa apa? Ngati nkhani ndi ya magetsi, monga zinthu zopsa kapena waya wodutsa pafupi kwambiri ndi denga, ndipo ofesi ya pa tauni ndi ya ku Lilongwe sizikuyankha, pitani nazo ku MERA ndi makalata anu odindidwa aja. Ngati ndi ofesi ya boma kapena khonsolo yomwe ikungokuzungulitsani, kapena yapanga chiganizo osakupatsani zifukwa zolembedwa monga gawo 43 la malamulo aakulu limanenera, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo otere kwaulere, kungoti simathamanga. Koma mukalandira notisi yolembedwa yoti mugwetse, kapena mwauzidwa tsiku lomwe thirakitala ibwere musanalipidwe, kapena mtengo womwe akupatsani ndi wochepa moonekeratu, musadikire khansala kapena msonkhano wina. Kaonaneni ndi loya sabata yomweyo, ngati ndalama palibe pitani ku Legal Aid Bureau. Khoti lalikulu lingathe kuimitsa kaye ntchito pa malo anu, koma kupempha kuti liunikenso chiganizo cha boma kuli ndi malire a miyezi itatu kuchokera pomwe chiganizocho chinapangidwa, ndipo anthu ambiri amataya miyezi imeneyo akuyenda m'maofesi nkumauzidwa kuti bwerani Lolemba. Popita kwa loyayo tengani kalata ya amfumu, malisiti, zithunzi za X ndi za shopu yonse mkati ndi kunja, fotokope ya kalata yanu ya sitampu, ndi notisiyo pamodzi ndi envelopu yake ngati ili ndi deti.